Kachivindikiro ka Kamera ya Malume

M'kabati mwanga, kuseri kwa makapu amene timatulutsira alendo okha, muli kachivindikiro kakuda kachitsulo, kukula kwake ngati pakamwa pa kapu ya tiyi. M'kati mwake muli kansalu kofewa kamene kanayamba kale kusupuka. Ana anga anafunapo kukasandutsa tayala la galimoto yawo ya mawaya, ndipo tsiku limenelo anadziwa kuti mayi wawo ali ndi mawu ena amene sawatulutsa kawirikawiri. Kanali ka kamera ya malume. Kamerayo inapita kalekale, malume nawonso anatisiya, koma kachivindikiro kadakali pomwepo.

Chinali chaka cha masankho oyamba a zipani zambiri, ine ndili ndi zaka khumi. Tinkakhala kwa Mwadzama, anthu atatu pakhomo: ine, mayi, ndi malume, achimwene awo a mayi. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Anabwera kuchokera ku minda ya nzimbe ku Dwangwa ataonda kwambiri, ndipo anthu ankati ndi chifuwa. Mayi atayamba kutsokomola, anthu omwewo anasiya kutchula dzina la matenda. Ankangobwera kudzapereka moni, n'kumayang'ana pansi.

Malume anali wojambula zithunzi. Ankayenda pa njinga m'midzi yonse ya kumeneko, ku maukwati, ku sukulu, pa Idi, ndi kwa anyamata ofuna kutumizira atsikana chithunzi atatsamira wailesi ya eni ake. Kamera yawo anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni akadali mnyamata. Inali yachitsulo, yolemera, yozizira ukaigwira m'mawa, ndipo chikwama chake chachikopa chinkanunkha thukuta ndi fodya. Sinkadya mabatire. Akajambula inkangoti tche, pang'onopang'ono, moti anthu ankapitiriza kumwetulira osadziwa kuti zatha kale.

Kamera imeneyi inali ndi maso awiri. Diso lalikulu lagalasi linali kutsogolo, ndipo ndi limene linkameza chithunzi. Pamwamba pakona panali kazenera kosuzumirapo wojambula. Ukasuzumira, pakati pa kazenerako pankaoneka kachigamba kachikasu, ndipo m'kachigambamo munthu ankaoneka pawiri, mphuno ziwiri, makutu anayi. Wojambula ankakankha kachitsulo ka pansi pa diso lalikulu ndi chala mpaka anthu awiriwo atasanduka m'modzi. Zikatero malume ankati, "Akumana," n'kudina. Ankakonda kusereula anthu kuti aliyense ndi awiri mpaka iwo atamukumanitsa, ndipo azimayi ojambulidwawo ankaseka n'kuwonongetsa chithunzi.

Kachivindikiro kanali kanga. Sindikunena kuti anandipatsa, koma kusamala kwake kunali kwanga, ndipo ndinkakutenga ngati udindo wa boma. Kwathu mchenga umalowa paliponse, m'tsitsi, m'mano, mu mpunga wophika. Malume ankati mchenga ndi umene umapha kamera, choncho diso lalikulu likangopuma liyenera kuvindikiridwa. Tsiku lina ndinaiwala, ndipo anandikalipira pamaso pa anthu mpaka ndinalira. Kuyambira pamenepo ndinasanduka wovindikira woopsa. Ndikanatha, ndikanavindikira ndi chitsime chomwe.

Koma maso a malume anali atayamba kuchita ng'ala. Iwo sankavomera. Ankakankha kachitsulo kaja uku, n'kukabweza uku, n'kupukuta kazenera ndi malaya, anthu ataima padzuwa mpaka kumwetulira kuuma pamilomo. Zithunzi zinayamba kubwera zachimbuuzi. Aphunzitsi athu, amene ankajambulitsa kawirikawiri chifukwa anali ndi jekete latsopano, anadandaula kuti pa chithunzi chawo ankaoneka ngati munthu amene ali pansi pa madzi. Malume anati vuto ndi otsuka zithunzi a ku Lilongwe, anyamata a masiku ano osadziwa ntchito.

Mvula itangotha kunabwera bambo wina wa sitolo ku Dwangwa, mnzawo wa malume. Anatulutsa m'thumba kamera yatsopano, yapulasitiki, yopepuka ngati sopo wotha. Inali ndi kachitseko kokankha kutsogolo. Ukakankha, diso linkatuluka lokha likulira, ndipo kachitsekoko kakakhala kotseka, kamerayo inkakana kujambula ngakhale udine chotani. Inkadziyezera yokha kutalika kwa munthu, inkang'anima ngati mphezi, ndiponso inkalemba tsiku pakona pa chithunzi ndi manambala ofiira. Bamboyo sankafuna china koma kusinthana. Anati azungu odutsa pa msewu waukulu amazifuna kwambiri zakalezi, sakudziwa chifukwa chake. Anaisiya yatsopanoyo kuti malume aiyese mpaka anthu atakolola mpunga, ndipo pokwera njinga anaseka n'kunena kuti chaka chino aliyense akusankha, nawonso asankhe.

Ndiye nyengo yonse imeneyo m'nyumba mwathu munali makamera awiri, ndipo malume ankavutika nawo ngati munthu wa mitala. Masana ankawayala onse pa mphasa n'kumawayang'ana. Yatsopanoyo ankaitcha kamera ya aulesi, yoti ngakhale mbuzi ikhoza kujambulira. Ankati zithunzi zake zimaphwatalitsa nkhope, kufiiritsa anthu maso, ndipo mabatire akatha imangokhala bokosi. Koma ku misonkhano ya ndale ankanyamula yomweyo. Anthu ankafuna kujambulidwa atavala nsalu za zipani zawo, atakweza zala m'mwamba, zinthu zimene zaka ziwiri zapitazo akanamangidwa nazo, ndipo aliyense ankafuna kung'animiridwa ndi kulemberedwa tsiku pakona. Yakale ija inkatsala pa msomali. Ine ndinkaimvera chisoni, ndipo yatsopanoyo ndinkadana nayo chifukwa inalibe chivindikiro.

M'mawa wina mayi anali kusenda chinangwa chovuula, fungo lake lowawasa lili pabwalo ponse. Anasiya mpeni, napukuta manja, nauza malume kuti akufuna awajambule. Malume anaseka, anati kodi pali mwamuna wina amene akufuna kumutumizira. Mayi sanaseke.

"Achimwene, mundijambule ndikadali ndi nkhope," anatero. "Mwanayu asadzasowe poloza."

Lero zimandidabwitsa kuti munthu anajambula boma lonse la Nkhotakota, akwati, makanda, ng'ombe za anthu, koma mlongo wake analibe chithunzi ngakhale chimodzi. Cha ukwati wawo chinadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi katundu wa m'sutikesi. Kuyambira pamenepo panalibe amene anaganizako. Mayi anali wa pakhomo, ankapezeka tsiku lililonse, ndipo filimu inali ya makasitomala.

Funso linali loti ajambulidwe ndi iti. Malume ankadziwa bwino kuti maso awo sangadalirike, koma kunena zimenezo pakamwa kunali kovuta kuposa kumeza mwala. Anangoti yatsopanoyo silakwitsa. Mayi anali ataona chithunzi cha mnzawo wa ku tchalitchi chojambulidwa ndi yatsopanoyo, kuwala kwake kutaonetsa fupa lililonse la m'khosi, ndipo sankafuna zimenezo. Koma sankafunanso kuwauza achimwene awo zochita pa ntchito yawo. Anakankhirana masiku awiri, wina akuti mmene mwaonera inuyo, winayo akuti ayi, nkhope ndi yanu. Tsiku lachitatu mayi anatopa. Anati chithunzicho ndi cha mwanayu, asankhe yekha.

Ndinasankha yakale. Ndikanakonda kunena kuti ndinaganizira za khosi la mayi, kapena za mtima wa malume, koma ndingakhale ndikunama. Ndinaisankha chifukwa inali ndi chivindikiro, ndipo popanda chivindikiro ine ndinalibe ntchito pa tsikulo. Malume anandiyang'ana, kenako anapumira m'mwamba, ndipo ndikukhulupirira kuti pansi pa mtima anakondwa.

Tsikulo mwera unali utayamba msanga, wozizira, wouma, wonyamula mchenga. Mayi anasamba madzi ofunda, nadzola mafuta mpaka masaya kuwala. Anavala diresi yawo yabuluu ya ku tchalitchi, ndipo m'kati anazengereza zitenje ziwiri m'chiuno kuti diresiyo isalendewere. Ndinawathandiza kumanga duku. Malume anaika mpando pansi pa mango, natulutsa kamera, nachotsa kachivindikiro n'kundipatsa monga mwa masiku onse. Anatembenuza manambala awo, nasuzumira, kenako anati dzuwa likugwera kolakwika. Anandikoleka kamera m'khosi n'kupita kukasuntha mpando, atagwira mayi pamkono.

Pomwepo mphepo inabwera yamphamvu, mchenga n'kundimenya m'miyendo ndi kumaso. Ndinayang'ana diso lalikulu lija lili pamtunda, ndipo ndinachita chimene anandiphunzitsa. Ndinavindikira.

Malume anabwerera maso ali kwa mayi, navula kamera m'khosi mwanga, naikweza kumaso. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti kazenera kosuzumira kaja sikadutsa m'diso lalikulu. Diso livindikiridwe kapena lisavindikiridwe, kazenera kamaonetsa munthu chimodzimodzi, ndipo kamera yakale sikana, imangodina. Malume anandiuza kuti ndikaime chapambali pafupi ndi thandala la makaka, ndipo mayi asayang'ane kamera koma ayang'ane ine. Motero tonse atatu tinali kuyang'ana kwina.

Anatenga nthawi yaitali kukumanitsa mayi awiri a m'kachigamba kaja. Mayi anadikira osadandaula. Ine ndinawatulutsira lilime kuti aseke, ndipo anaseka, kuseka kwawo kwenikweni, kokweza phewa limodzi, kooneka mpata wa pakati pa mano. Nsonga ya duku inali kuphupha pa khutu lawo lamanzere. Ndinamva malume akuti akumana, kenako tche. Anajambula katatu. Kachitatu kakungotha mayi anayamba kutsokomola, chifuwa chokoka thupi lonse, ndipo malume anangondiponyera kamera m'manja n'kuthamangira kukawagwira. Ndinaona kuti diso n'lovindikira kale, ndinakondwa kuti mchenga sunalowe, n'kuitsekera m'chikwama chake.

Filimu imodzi inkakwana zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo za mayi zinali zitatu zoyambirira. Malume anafuna kuitulutsa pomwepo kuti ikatsukidwe, koma mayi anakana, anati kuwononga filimu yonse chifukwa cha munthu m'modzi n'kupusa, iwo sakupita kulikonse. Tsoka lake, panalibe amene ankafuna kujambulidwa ndi kamera yakale. Pamwamba pake panali kagudumu ka manambala kowerenga zithunzi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite ku sukulu ndinkakwera pa mpando kukasuzumira. Sabata yathunthu kankatha kukhala pa faifi. Kenako seveni. Kenako kuima.

Masankho anafika n'kudutsa. Anthu anaunjikana pa wailesi masiku angapo, ndipo zotsatira zitalengezedwa ena anavina mumsewu, ena analowa m'nyumba n'kutseka zitseko. Malume anajambula ovinawo ndi kamera yatsopano mpaka mabatire kutha. Mpunga unacha m'madambo, anthu n'kuyamba kumweta. Mayi anapita ku munda masiku awiri okha, lachitatu anabwerera panjira. Kuyambira pamenepo anakhala wa pa mphasa. Ndinkawaphikira phala, ankalawa masupuni awiri n'kunena kuti lakoma, alimaliza nthawi ina. Ndinkawasambitsa msana, ndipo dzanja langa linkawerenga nthiti ngakhale sindinkafuna. Palibe chimene ndinkachita chimene chinkasintha kanthu. Ndinali ndi mantha, koma ndikayang'ana pa msomali paja mtima unkakhala pansi pang'ono. Ndinkati mayi enieni, a diresi yabuluu, ali bwinobwino m'bokosimo, ndipo mchenga sungawapeze.

Mwezi wa Julaye uli pakati, malume analowa m'chipinda cha mayi m'mawa, nakhalamo kanthawi, natuluka. Anachotsa kamera pa msomali n'kumaliza filimu yonse tsiku lomwelo. Anajambula mbuzi za aneba, khoma la mzikiti, mabwato atagadamitsidwa pa mchenga, ine nditasenza ndowa, chilichonse chimene chinali patsogolo pawo. Aphunzitsi anali ndi ulendo wa ku Lilongwe pa nkhani za sukulu, ndipo anavomera kunyamula filimuyo. Tinadikira masabata awiri.

Anabwera ndi envelopu ya zithunzi masana, akadali ndi fumbi la m'basi. Tinakhala pa khonde, malume akutulutsa chimodzichimodzi. Mbuzi zinatuluka bwino kwambiri, mpaka ndevu zake kuwerengeka. Mzikiti unatuluka. Ine ndi ndowa yanga tinatuluka. Anafika kumapeto, nayambiranso, nagwedeza envelopu. Munalibe mayi. Aphunzitsi anasolola negetivu, timizere tabulauni tija, naikweza kudzuwa. Malo atatu oyambirira anali oyera mbee, ongoonekera kuseri, opanda ngakhale mthunzi.

"Apa kuwala sikunalowe n'komwe," anatero aphunzitsi. "Kodi kapena pojambulapo chivi..."

"Ndi maso angawa, aphunzitsi," malume anawadula. "Maso anatha awa. Ndakhala ndikukana."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa, nayang'ana malume, nayang'ana ine, natseka. Anati ali ndi makope oti akachonge, natsanzika. Malume anatsala atagwira negetivu ija. Sanandifunse kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Ine ndinakhulupirira. Ndinalira, ndipo polirapo ndinawanena malume mawu amene mwana sayenera kunena kwa wamkulu. Ndinati akanavomera kale kuti saona, ndinati ndi odzikonda, ndinati awonongetsa mayi anga chifukwa cha matama. Anthu odutsa anaima kumvetsera. Malume, munthu amene anandikalipirapo pagulu chifukwa cha mchenga, anangoweramitsa mutu n'kunena kuti ndikunena zoona. Patapita zaka zambiri, ndikugwira kale ntchito m'tauni, wojambula wina ndi amene anandiuza mongocheza kuti maso ofooka amatulutsa chithunzi chachimbuuzi, koma filimu yoyera mbee imatanthauza chinthu chimodzi chokha. Ndinatuluka mu situdiyo mwake osatenga zimene ndinapitira.

Mayi anali atamva zonse m'chipinda. Malume analowa ndi kamera yatsopano m'manja, ine pambuyo pawo, ndipo anagwada pafupi ndi mphasa. Anati iyi silakwitsa, akhoza kujambula pompano, mawa lomwe iwo eni akwera basi kukatsukitsa. Ine ndinathamangira kukatenga diresi yabuluu. Mayi anakweza dzanja lawo n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nthawi yaitali.

"Ayi, achimwene. Uyu wagona pa mphasayu musamujambule," anatero. "Mwanayu anandiona tsiku lija. Zakwana."

Ndinawachonderera. Ndinati ndiwamanga zitenje zitatu, ndiwadzoza mafuta ambiri, ndiwatulutsiranso lilime. Anangondisisita m'mutu n'kutembenukira kukhoma. Malume anakankha kachitseko ka kamera, diso n'kubwerera m'kati likulira, ndipo tinatuluka. Masiku otsatira ndinayesanso kawiri, yankho linali lomwelo. Kamera yosalakwitsayo inakhala pa tebulo, masitepe asanu kuchokera pamene mayi anagona, mpaka tsiku limene anamwalira. Mango anali atayamba maluwa.

Maliro atatha, bambo wa ku Dwangwa uja anatumiza uthenga kuti akubwera kudzamva zimene malume asankha. M'mawa wa tsikulo ndinali kuseri kwa nyumba kutsuka mbale, ndipo ndinaona malume atuluka ndi kamera yakale. Sanandione. Anachotsa kachivindikiro, nakayang'ana pa chikhatho, kenako anakaponya ndi mphamvu zawo zonse m'munda wa chinangwa, ngati mmene munthu amagendera galu wakuba. Ndinadabwa kwambiri, chifukwa malume sankataya ngakhale msomali wopindika.

Bamboyo atafika, sipanakhale zokambirana zambiri. Malume anapereka kamera yakale ndi chikwama chake, nati maso awo asankha okha. Bamboyo anaitembenuza uku ndi uku, nafunsa za chivindikiro, nati azungu amafuna zonse zikhalepo. Malume anati chinatayika kale. Bamboyo anadandaula pang'ono, komabe anaimangirira pa keliyala ya njinga, diso lili pamtunda, napita nayo mumsewu wa mchenga.

Ine zinandipweteka kuti katundu wanga watayidwa ngati chinyalala. Ndinalowa m'chinangwa muja n'kuyamba kufufuza mzere ndi mzere, nditagwada, nyerere zikundiluma m'maondo. Ndinakapeza dzuwa lili paliwombo, katagwera pansi pa masamba ouma. Ndinakapukuta ndi diresi, ndinauzira mchenga wa m'kansalu kaja, ndipo ndinathamanga nako. Mkwiyo wanga pa malume unali usanathe, koma ndinkafuna aone kuti pakhomopo pali munthu m'modzi amene sataya zinthu.

Ndinawapeza pa khonde, kamera yatsopano ili pa miyendo. Ndinatambasula dzanja n'kuwauza kuti ndakapeza. Anakayang'ana, kenako anandiyang'ana ine, ndi maso awo otuwa aja, nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza kuti sakundiona bwino. Anagwira zala zanga n'kuzipinda kuti kachivindikiro katsekeke m'chikhatho changa.

"Sunga," anatero. "Wachita bwino. Iwe umasamala zinthu."

Ndinachokapo ndikunyada. Chimene chinandisokoneza n'chakuti nditacheuka ndinawaona akupukuta kumaso ndi mkono wa malaya. Ndinaganiza kuti akulira kamera yawo.